A Musagwire ndi Makina Awo Owerenga Nyenyezi

Malemu anabadwa pa 9 Malichi, 1959, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anali mwana woyamba m'banja la ana anayi. Ine amene ndaima pamaso panu ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo, ndipo abale andituma kuti ndikuuzeni mbiri ya mayi amene agona apawa. Mundikhululukire mawu akamandithawa. Polemba tinathandizana tonse, koma powerenga andisiyira ndekha.

Bambo athu ankagwira ntchito yoyesa masikelo. Ankayenda m'masitolo, m'mabutchala ndi m'misika kuona ngati sikelo ikunena zoona. Mayi athu anali telala, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde. Chida chachikulu cha bambo chinali bokosi lathabwa loyalidwa nsalu yobiriwira m'kati, mmene munkagona miyala yamkuwa yoyesera, kuyambira waukulu ngati chibakera mpaka kakang'ono ngati njere ya mpunga. Miyala imeneyo sinkagwiridwa ndi dzanja. Bambo ankati thukuta la chala chimodzi limasintha kulemera kwa mwala, choncho ankainyamula ndi kachitsulo kopanira. Achemwali athuwa, akadali aang'ono, anadzilemba okha ulonda wa bokosilo. Ife tikangoti tiliyandikire, mawu ankatulukira kuseri kwa chitseko: "Musagwire!" Dzina linabadwira pamenepo. Kusukulu anali a Musagwire, kuntchito a Musagwire, ndipo ndamva kuti ena mwa inu mwadziwira lero, powerenga pabokosi la maliroli, kuti anali ndi dzina lina.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1965, ndipo mu 1973 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Masamu kwa iwo anali madzi akumwa. Koma chimene chinawatembenuza mutu chinachitika m'chaka chachitatu. Mphunzitsi wa sayansi anatseka mawindo onse ndi mabulangete, n'kusiya kampata kamodzi kolowera dzuwa. Pakampatapo anaika kagalasi ka ngodya zitatu, ndipo pakhoma panatuluka utawaleza. Mphunzitsiyo anati kuwala kulikonse, ngakhale kwa nyenyezi, ukakugawa chonchi kumaulula zimene zili kumene kwachokerako. Atabwera kutchuthi, achemwali anatilongosolera nkhaniyi mpaka chakudya kuzizira. Mayi, singano ili pakamwa, anafunsa kuti, "Tsono ukadziwa zimene zili m'nyenyezimo, ukaziphika?" Tonse tinafa ndi phwete. Achemwali sanaseke. Anati akungofuna kudziwa basi, ndipo yankho limeneli sanalisinthe mpaka ukalamba.

Mu 1977 analowa yunivesite kukaphunzira uinjiniya. M'kalasi monse mkazi anali iwo okha. Ovololo imene anawapatsa ku wekishopu inali ya mwamuna wamtali, moti zala zawo zinkabisala m'kati. Mayi anaidula n'kuisokanso, anawonjezeranso kathumba pachifuwa koikamo kagalasi kokulitsira zinthu. Anamaliza maphunziro mu 1981, ndipo chaka chotsatira analembedwa ntchito pamalo opangira zipangizo za akatswiri ofufuza zakuthambo. Pamalo amenewo sanachokepo moyo wawo wonse. Anayamba ndi kupukuta ndi kuyesa timagalasi tating'ono. Mu 1991 anapita kukawonjezera maphunziro a za kuwala, ndipo atabwerako anapatsidwa gulu loti aziliyang'anira.

Za ukwati wawo ndiyenera kuzinena mosamala, chifukwa mwini nkhani ali pompano. Pafupi ndi kuntchito kwawo panali bekale, ndipo achemwali ankagulako buledi poweruka. Tsiku lina mu 1983 anaima nthawi yaitali akuyang'ana mnyamata wa pabekalepo akuyesa mtanda wa buledi pasikelo. Kenako anamuuza kuti sikelo yake ikunama, buledi aliyense akumupyoza muyezo. Mnyamatayo, amene lero ndi alamu angawa, anayankha kuti, "Ndikudziwa, achemwali. Koma chiyambire palibe anabwerapo kudzadandaula. Ndinu oyamba." M'mawa mwake achemwali anabwera ndi bokosi la bambo, n'kuikonza sikeloyo mpaka inanena zoona. Alamu anathokoza kwambiri. Kuyambira tsikulo ankayesa mtanda molondola, akatero n'kutsina kamtanda kena n'kuwonjezerapo ndi dzanja. Anakwatirana pa 15 Disembala, 1984, ndipo mkangano wa kamtanda kameneko watha zaka makumi anayi wopanda wopambana. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, wamkazi mu 1986 ndi wamwamuna mu 1990.

Anthu ankadabwa kuti mayi odana ndi fumbi chotere anakwatiwa bwanji ndi bambo okhalira mu ufa. Pakhomopo panali malamulo. Ovololo ya alamu inkathera pakhonde la kuseri, ndipo zovala za kuntchito za achemwali zinali ndi kabati yakeyake yokhoma. Kukhoma chithunzi chimodzi pabalaza kunkatha Loweruka lathunthu. Mwana akalakwa samu ankamukhululukira, koma akalota yankho, ngakhale likhale lolondola, ankabwerezanso tsamba lonse. Sanali mayi ophweka, ndipo sitikunamizani. Komabe okalamba onse a mumsewu wathu ankadziwa kumene amapita magalasi awo a m'maso akathyoka mwendo. Achemwali ankawakhazika pampando, alamu n'kuwapatsa tiyi ndi buledi, ndipo munthu ankabwerera kwawo akuona bwino, mimbanso ili yokhuta.

Mu 1996, bambo athu atakalamba, achemwali anawatengera kuntchito kwawo. Anawaonetsa kasikelo kokhala m'bokosi lagalasi. Anayesapo kagalasi koyera, nambala inaoneka. Kenako anati, "Bambo, lero ndakulolani. Gwirani ndi chala." Bambo anazengereza, anayang'ana uku ndi uku ngati akuba, n'kudinda chala. Atakabwezera pasikelo, nambala inakwera. Zimene ankanena moyo wawo wonse popanda umboni anaziona ndi maso tsiku limenelo. Anangoti, "Ndinkanena ine," ndipo njira yonse yobwerera kunyumba ankabwereza mawu omwewo. Anatisiya chaka chotsatira, mayi n'kuwatsatira mu 2001.

M'chaka cha 2006 malemu anasankhidwa kutsogolera ntchito imene inadzakhala yaikulu pa moyo wawo. Kutali ndi kuno, pamwamba pa phiri louma lopanda mitambo, pali telesikopu, makina aja oonera zakuthambo. Kalilole wake ndi wamkulu kuposa tenti takhalamoyi. Ntchito ya kaliloleyo ndi kutolera kuwala kwa nyenyezi, monga denga limatolera madzi a mvula. Koma kuwalako kukatoleredwa pamafunika makina ena oti akugawe n'kukuwerenga, ndipo makina amenewo ndiwo anauzidwa kuti apange iwo ndi gulu lawo. Ine sayansi sindinapite nayo patali, ndinali woyendetsa basi, choncho ndinawapempha andifotokozere za pansipansi. Anaimirira pabalaza, anagwira mwana wanga manja onse awiri, n'kuyamba kuzungulira naye. "Taona iwe," anatero, "wozungulira ndi mwanayu, koma nanenso ndikugwedezeka. Nyenyezi ikakhala ndi dziko loizungulira imagwedezekanso chonchi, pang'ono zedi, liwiro la munthu woyenda pansi. Dzikolo sitingalione. Koma kugwedezekako kumalembeka m'kuwala, ndipo makina athu akakuwerenga."

Kuti makina awerenge kanthu kochepa chotero, iwo eni sayenera kusuntha ngakhale pang'ono. Ndinaloledwa kamodzi kokha kulowa m'chipinda chimene ankawapangira. Anandiveka chovala choyera chophimba thupi lonse, chipewa, magolovesi ndi chotseka pakamwa, ndinapondanso pa chopondera chomata kuti fumbi la kunsapato litsale. M'katimo munali zii, kumangomveka mpweya ukutsika kudenga. Pakati panali tebulo lachitsulo loyandama pa mpweya, kuti lole ikadutsa kumsewu lisanjenjemere. Patebulopo anandandalikapo magalasi, lililonse pamalo pake, ndipo akati asunthe limodzi ankalisuntha kamtunda koti tsitsi limodzi ndi lonenepa kwambiri. Kumapeto kwa chipinda kunali thanki yaikulu ngati minibasi. Zonse zikatha zinayenera kulowa m'thankimo, mpweya n'kupopedwa wonse, kenako kuziziritsidwa koopsa, chifukwa chitsulo chikamafunda ndi kuzizira chimasinthasintha kukula. Ine ndinayenda manja ali kumbuyo ngati mkaidi. Wachiwiri wawo pantchito, bambo amene anzawo amawatcha a Ndevu, ndevu zawozo zili m'kathumba kakekake, anandinong'oneza kuti ndikuchita bwino. Anati iwo agwira ntchito ndi achemwali zaka zambirimbiri, koma mpaka pano amaopa kuyetsemula.

Tsopano ndafika pa gawo limene ine ndinafuna kulidumpha. Koma mwana wamkulu wa malemu, namwino wathuyu, anati, "Amalume, mukalisiya limeneli ndiye kuti za amayi simunanene." Choncho ndilinena.

Mu Ogasiti 2013 makina analowa m'thanki kuti ayesedwe m'chisanu koyamba. Kuziziritsako kumayenda pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, ndipo pali masiku ena oopsa amene magalasi amatha kusweka kuzizira kukathamanga. Masiku amenewo anakumana ndi tsiku limene mwana wawoyu anayamba kumva zowawa za mwana wake woyamba, nthawi isanakwane. Alamu anaimba foni m'mawa. Achemwali anafunsa ngati madokotala alipo, ndipo atamva kuti alipo, anati afika madzulo, angodutsa kaye pamalo ovutawo. Masana zinthu kuchipatala zinatembenuka. Anathamangira naye ku opaleshoni. Mwana wamwamuna anabadwa, anapuma kanthawi kochepa, n'kubwerera. Masana omwewo, m'chipinda choyera chija, chithunzi cha pakompyuta chinangoti balala. Galasi lalikulu, limene linatenga zaka ziwiri kulipanga, linali litang'aluka pakati. Achemwali anafika kuchipatala dzuwa likulowa. Anapeza mwana wawo ali chigonere, mdzukulu atamukulunga kale. Sanamuone ali moyo.

Mwana wawo atatsitsimuka anawayang'ana n'kunena kuti, "Bwererani kwa mwana wanu wachitsulo uja." Atatero anatembenukira kukhoma. Panatha zaka ziwiri osalankhulana.

Achemwali sanadziikire kumbuyo. Ngakhale zoti galasi linasweka sanamuuze mwanayo. Ankati kunena zimenezo kukanakhala ngati akuika galasi ndi mwana pasikelo imodzi. Anaonda, kuseka kunawathera, ndipo tsiku lina anauza alamu kuti ntchito akuisiya. Alamu, amene sindinawamvepo akukweza mawu, anayankha kuti, "Mukasiya, mdzukulu sadzuka, ndipo anzanu aja muwasiya ndi galasi losweka. Pitani mukamalize. Za mwana ndisiyireni ine." Loweruka lililonse bambo amenewa ankanyamula buledi wotentha kupita kwa mwana wawo, n'kukakhala naye, osatchula za mayi ake mpaka iye atafunsa yekha. Miyezi yambiri sanafunse. Iwo sanaleke kupita.

Kuntchito, achemwali ndi a Ndevu anafufuza chimene chinaswa galasi. Anapeza kuti guluu womatira galasi kuchitsulo ankauma gwa m'chisanu, ndipo chitsulo chikamakhwinyata chinkalikoka galasilo mpaka kuling'amba. Anayesa guluu wamitundumitundu pa timagalasi tating'ono, koma tina tinasweka, tina tinasuntha. Potsiriza guluu anamusiyiratu, napanga timiyendo tachitsulo topyapyala togwira galasi mofewa, tolola chitsulo kukhwinyata popanda kulifinya. Galasi latsopano linafika mu Meyi 2015.

Ndi pa galasi limeneli pamene matenda awo anaonekera. Poika galasi pamalo pake amaliunika ndi kuwala kofiira, ndipo pakompyuta pamaoneka mizere yakuda ndi yoyera. Zonse zikakhala bata mizereyo imaima chilili. Tsikulo achemwali atangogwira kabawuti kosunthira galasi, mizere inayamba kuvina. Anaganiza kuti ndi lole kumsewu. Anachotsa dzanja, mizere inaima. Anagwiranso, inavinanso. Anapempha a Ndevu kuti agwire iwo, mizere inangoti chete. Dzanja lawo poliyang'ana linkaoneka labwinobwino, koma makina amene anapanga okha anali atawaulula dokotala asanadziwe. A Ndevu akuti achemwali anatulutsa kasipanala kawo n'kuwapatsa. "Kuyambira lero manja ndinu," anatero, "ine ndikhala pakamwa." Sanagwirenso galasi lililonse, la kuntchito ngakhale la okalamba a mumsewu. Madokotala anadzatsimikiza kuti ndi matenda a mitsempha onjenjemeretsa thupi, amene mankhwala amangowachedwetsa koma osawachiza.

Kunyumba anabisa, anauza alamu okha. Mu Disembala chaka chomwecho mwana wawo wamwamuna anakwatira, ndipo paphwando mayi ndi mwana wawo wamkazi anakhala matebulo osiyana, monga zinkakhalira masiku amenewo. Achemwali atanyamula kapu ya tiyi, kapuyo inayamba kulira pakambale kake. Ife sitinazindikire kanthu. Koma diso la namwino silinamizika. Anadzuka, anadutsa pakati pa anthu ovina, anakagwada pambali pa mayi ake n'kuwagwira dzanja lija. "Amayi, zayamba liti?" Awiriwo anatuluka panja, anakakhala m'galimoto mpaka phwando kutha. Zimene anakambirana ndi zawo. Ife tinangoona kuti potuluka onse maso anali psuu, ndipo chikwama cha mayi ananyamula ndi mwana.

Mu Okutobala 2017 makina analowanso m'thanki. Apa n'kuti mwana wawo ali woyembekezeranso, masiku atayandikira. Achemwali anaitana gulu lonse, anasiya ntchito m'manja mwa a Ndevu, anazimitsa foni n'kuipereka kwa alamu kuti akaitsekere m'kabati ya yisiti ku bekale. Anakakhala kwa mwana wawo mwezi wathunthu. Tsiku litafika anakhala pabenchi ya pakhonde la chipatala kuyambira m'mawa. Kunabadwa mwana wamkazi wathanzi, wolira momveka mpaka panja. Atawaitana kuti alowe, anaima kumiyendo kwa bedi, manja atabisa kumbuyo, kuopa kuti angamugwetse. Mwana wawo anawauza kuti akhale pampando, anapempha kuti awaikire pilo pamiyendo, khandalo n'kuligoneka pamenepo. "Uyu ndi wogwira, amayi. Gwirani." Anamugwira. Nkhani yoti galasi lapirira chisanu anaimva patapita masiku, ndipo akuti anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kupinda matewera. Atabwerera kuntchito anaika lamulo pagulu lawo, kuti aliyense amene ali ndi wodwala kunyumba asaoneke pafupi ndi thanki.

Zaka zotsatira zinali za kuyesa ndi kuyesanso. Anaunika makinawo ndi nyali zapadera zimene kuwala kwake kumadziwika kale, kuti aone ngati anena zomwezo lero, mawa ndi mwezi wamawa. Anawagwedeza dala patebulo lonjenjemera kuti aone ngati adzapirire msewu wa kuphiri. Kawiri konse akuluakulu ananena kuti zakwana, makina anyamuke, ndipo kawiri konse achemwali anakana. Ulendo wachiwiriwo vuto linali lakuti mizere inkasendera pang'ono masana aliwonse. Anafufuza kwa miyezi, napeza kuti dzuwa likawomba khoma la kumadzulo, waya wina wolowa m'thanki ankafunda n'kulowetsamo kutenthako. Ena anatopa nawo, ndipo ndikudziwa kuti ena muli pano munawanenapo kuti ndi amakani. Musachite manyazi, ifenso kunyumba tinkatero. Iwo ankati nyenyezi siingabwere kudzatsutsa, choncho makina akanama anthu adzakhulupirira bodzalo zaka zambiri. Anapuma pantchito mu 2021, koma kupumako kunali kwa pakamwa chabe. Alamu ankawaperekezabe kawiri pamlungu, poyamba akuyendera ndodo, kenako pampando wamatayala.

Pa 12 Novembala, 2024, makina ananyamuka. Anawapakira m'mabokosi akuluakulu pa malole oyenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Achemwali anakhala pageti, bulangete lili pamiyendo, mpaka lole yomaliza inakhota. Ankafunitsitsa kupita nawo, koma madokotala anakana. Anati kuphiriko mpweya ndi wochepa, mtima wawo sungapirire. Anapempha, anakalipa, anapemphanso, yankho linali lomwelo. Pagetipo ndinawaona akulira, ndipo pa moyo wanga wonse kanali kachiwiri.

Pomanganso makinawo kuphiri, a Ndevu ankawaimbira foni yoonana nkhope kuti aziona zimene zikuchitika. Koma matenda anali atawadya mawu, ankangonong'ona. Choncho alamu ankagwira foni ndi dzanja limodzi, khutu lili pakamwa pa akazi awo, n'kumabwereza mokweza: "Akuti bawuti yachitatu mwaimangitsa! Akuti bwezani pang'ono! Akutinso wina kumbuyoko wavula chipewa, amuona!" Alamu akuti mpaka lero sadziwa kuti bawuti yachitatuyo ili pati, koma anaikalipira mokwanira.

Pa 20 Meyi chaka chino malemu anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anachitidwa opaleshoni, ndipo tinali ndi chiyembekezo. Koma kugona nthawi yaitali kunabweretsa chibayo. Mwana wawo wamkazi anatenga tchuthi n'kuwasamalira yekha, kuwatembenuza, kuwamwetsa ndi supuni, kuwapesa tsitsi. Apa n'kuti kuphiri makina atamangidwa, thanki itatsekedwa, kuziziritsa kutayamba, ndipo tsiku lolowetsa kuwala kwa nyenyezi koyamba litaikidwa pakati pa mwezi wamawawu, wa Ogasiti. A Ndevu atamva kuti zavuta anatsika kudzawaona. Anawauza kuti gulu lagwirizana kuimitsa zonse mpaka iwo atapeza bwino. Achemwali anayamba kunong'ona, alamu n'kumabwereza monga mwa masiku onse: "Akuti musawanamize, akudziwa kuti sadzuka. Akuti thanki ikayamba kuzizira siiseweretsedwa, mungaswe galasi. Akuti tsiku lisasinthe."

Anatisiya m'mawa wa Lachinayi, pa 3 Julayi, 2025, ali ndi zaka 66. Amuna awo anali kumutu, mwana wawo atawagwira dzanja. Namwino wathuyu akuti anadziwira kudzanjako. Linali litanjenjemera zaka khumi, ndipo linangoti zii, osayambiranso. Makina amenewa anawathera mphamvu zawo zonse, anawadyera ngakhale zimene sizikanayenera kudyedwa, ndipo apita kutatsala milungu yochepa kuti makinawo aone nyenyezi yoyamba. Ife zimenezi zikutipweteka. Sitinama kuti tazimvetsa.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna, pamodzi ndi apongozi awiri, komanso ife alongo awo awiri, popeza mng'ono wawo wamkazi anatsogola mu 2019. Adzukulu amene mukuwaona apa ndi atatu. Koma malemu anatiuza kuti woyamba uja tizimuwerenga nthawi zonse, choncho adzukulu ndi anayi.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mpaka pomaliza, makamaka anzake a mwana wathuyu amene anamugwirira ntchito iye akudwazika mayi ake. Ndikuthokoza ogwira ntchito ku bekale, amene sanazimitse uvuni nthawi yonse abwana awo ali kuchipatala. Ndikuthokoza anansi a mumsewu wathu chifukwa cha mipando, magalimoto ndi mapewa anu, abusa ndi a kwaya, komanso onse a kuntchito kwa malemu, kuyambira akuluakulu mpaka osesa m'chipinda choyera chija, amene malemu ankati popanda iwo palibe galasi likanaona kanthu. Amene sindinakutchuleni musadandaule, mutu wanga lero suli pamalo.

Ndisanakhale pansi, ndili ndi chidziwitso. Kumbuyoko kwakhala anthu ovala majekete okhuthala, a Ndevu ali pakati pawo. Tikachoka kumanda iwo sabwerera nafe kunyumba, galimoto yawo ikudikira pageti. Musawaone ngati anthu opanda ulemu kapena othawa maliro. Thanki ija yafika pamasiku ake oopsa, oiyang'anira atsala ochepa, ndipo amene analamula kuti apite ndi omwe tikuwaperekezawa. Mmodzi yekha mwa iwo atsala kuno chifukwa bambo ake ali m'chipatala, ndipo nayenso akumvera malemu omwewa.

Mwezi wamawa alamu adzakwera phirilo. Iwo madokotala awalola. Malemu anawatuma kuti akawaonere, ndipo anawachenjezeratu. Anati, "Musakayembekeze kuona nyenyezi yonyezimira. Mukaona timizere tokhatokha pakompyuta, ngati mano a chipeso. Musakakhumudwe. Inu mukangoyang'ana nkhope ya a Ndevu. Misozi ikakatsikira m'ndevumo, mukadziwe kuti zatheka, ndiye mukaombe m'manja mokwanira anthu awiri." Alamu avomera. Akuti akaomba mpaka manja kuwawa.

Achemwali, mayi athu, mbali yanu mwaigwira yonse, yotsalayo akumalizirani anzanu. Pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.